Amene munapita kunja muli achinyamata, munaphunzirako chani? Ndikufuna kupita ku Joni

Kabaza_Chinsapo:

Abale mwaswera bwanji nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembako kanthu koma lero ndati nanenso ndifunse poti mutu wangawu sukugwira sabata yonse ino. Ndili ndi zaka 23, MSCE ndinalemba 2021 ndinakhoza ndithu koma mapointi anali okwera moti za ku koleji zinakanika, nde kuchokera nthawi imeneyo ndimapanga kabaza wa njinga yamoto kuno ku Lilongwe, kunyamula anthu Chinsapo kupita ku depoti, kumsika waukulu, nthawi zina mpaka Likuni. Njingayo ndi yanga, ndinagula nditalima soya zaka ziwiri kuphatikiza ngongole ya banki m'khonde ya mayi anga yomwe tinamaliza kubweza. Koma mmene zinthu zililimu tsiku lina umatha pa mzere wa mafuta osanyamula ndi munthu mmodzi yemwe, tsiku lomwe wapeza ukagula ufa ndi kandiwo basi yatha.

Msuweni wanga ali ku Cape Town chaka chachinayi tsopano, akuti bwera kuno ntchito za m'gadeni ndi zopenta ziliko, udzafikira kwa ine. Pasipoti ndili nayo. Vuto ndi loti kuti thiransipoti ikwane komanso ndikhale ndi kangachepe m'thumba ndiyenera kugulitsa njinga, ndipo wogula alipo kale akungodikira ndinene. Mayi sakufuna kumva n'komwe, akuti achimwene awo anapita ku Joni ine ndisanabadwe mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Bambo anatisiya 2018, ine ndi woyamba kubadwa, kumbuyo kwanga kuli asungwana awiri ali ku sekondale ndipo fizi imayang'ana ine.

Nde amene munachoka pa Malawi muli a zaka ngati zangazi, kaya ndi Joni kaya UK kaya kwina kulikonse, ndi chani chomwe mumati akanandiuza munthu ndisanakwere basi? Musandinamize komanso musangondiopseza, mungondiuza mmene zinakuyenderani inuyo.


WaKuDunoon:

Mphwanga, ndawerenga kawiri zomwe walembazi chifukwa zili ngati ndalemba ndine mu 2016. Ndinanyamuka ndili ndi zaka 22 kuchokera kwathu ku Mangochi, basi ndinakwerera pa Wenela ku Blantyre, Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete kukutentha ngati m'ng'anjo, Nyamapanda, Harare usiku, kenako Beitbridge pomwe tinaima pa mzere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu. Pofika pa Park Station, depoti ya mabasi ya ku Johannesburg, miyendo inali itatupa ndipo Cape Town unali ulendo winanso wa usiku wonse ndi theka la tsiku. Koma zimenezo ndi zazing'ono, thupi limaiwala.

Chomwe palibe anandifotokozera bwinobwino ndi nkhani ya mapepala. Pasipoti ya Malawi pa boda amakudindira masiku osapitirira 30, ndipo chidindo chimenecho ndi cha mlendo wodzacheza, sichikulola kugwira ntchito. Masiku aja akatha iweyo ndiwe wa overstay, ndipo lamulo lawo kuyambira 2014 limati ukapitiriza masiku oposa 30 potuluka amakulemba kuti undesirable, zaka 5 osaloledwa kulowanso. Akakugwira mkati muno nde ndi ku Lindela, ku Krugersdorp uko, kudikira tsiku lokutumiza kwanu chimanjamanja, katundu yense kutsala m'mkhukhu, kanyumba ka malata komwe umagona. Ena amapereka pasipoti kwa anthu oti akawadindire pa boda iwo ali pa ntchito, ine ndinaona mnzanga atapezeka ndi chidindo chabodza, ndalama inapita, pasipoti inawonongeka, mlandu pamwamba. Zimenezo usayerekeze.

Ukakhala wopanda mapepala akaunti ya ku banki sungatsegule, ukaona galimoto ya polisi mtima umadumpha ngakhale sunabe kanthu, ndipo bwana akangodziwa amakulipira mmene wafunira. Mu March 2025 lamulo linaika malipiro ochepetsetsa pa R28.79 pa ola, ndipo ngakhale mlendo atha kukasuma ku CCMA, ofesi yomva madandaulo a pa ntchito, koma ndi angati angapite okha kukaonekera ku ofesi alibe mapepala? Ine ndinapenta nyumba ya munthu wina masabata awiri, kunja ndi mkati, tsiku lolipira anangoti ubwere Lachisanu, Lachisanu lija geti osatsegula foni osayankha. Ndinaima pa geti paja mpaka mdima ndili ndi ovolosi ya penti, agalu akuuwa mkati, kenako ndinayenda wapansi kubwerera chifukwa ya taxi ndinalibe.

Za msuweni wakoyo sindikunena kuti akukunamiza ayi. Amene anandiitana ine anali mwana wa azakhali anga ndipo anandilandira bwino, mkhukhu wa malata wa chipinda chimodzi kuno ku Dunoon mu Cape Town, iye ndi mkazi wake pa bedi ine pansi kuseri kwa nsalu. Sabata yoyamba nyama, yachiwiri macheza ayamba kuchepa, yachitatu alamu ayamba kuwerenga masilayisi a buledi. Sindiwada mpaka lero, kuno lendi, magetsi, chakudya zonse ndi ndalama, kulibe kothyola chisoso kuseri kwa nyumba. Ntchito yomwe ankati iliko inali yoti 6 koloko m'mawa ukaime m'mbali mwa msewu pafupi ndi sitolo ya zomangira utakweza rola ya penti m'mwamba kuti a mabaki, magalimoto a pikapu aja, akuone, tili gulu, aMalawi, aZimbabwe, eni dziko, baki ikangoima tonse kuthamangira pa windo. Miyezi iwiri yoyamba ndinagwira masiku 9 okha, ndinkalemba m'kabuku. Ndipo ndinafika mu June, kuno nthawi yozizira ndi nthawi yamvulanso, madzi kulowa pansi pa chitseko pomwe ndimagona ine. Zinayamba kusintha pomwe gogo wina wachizungu anandipatsa gadeni masiku awiri pa sabata, iye nkuuza mnzake, mnzakeyo nkuuza wina. AMalawi tili ndi mbiri yokhulupirika kuno ndipo mbiri imeneyo ndi yomwe imatidyetsa, ukapeza R50 pa tebulo ungoisiya pomwepo.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri sichinachitike kuno, chinachitika kumudzi. Zinthu zitayamba kuyenda ndinkatumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi kwa malume anga kuti andimangire nyumba, zaka zitatu, ine kuno ndikudya mapazi a nkhuku ndi papa, nsima ya kuno. Ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, yafika pa mawindo, yafoleredwa, tikupaka pulasitala. Nditapita mu 2021 ndinakapeza maziko okha, udzu utamera mkati mbuzi zikudya, njerwa zina zitabedwa. Zithunzi zija zinali za nyumba ya mwini wake wina mudzi woyandikana nawo. Ndinakhala pa mazikowo osalankhula, mayi anga akulira akuti usawatengere kubwalo ndi malume ako. Nde panopa ndimapanga chonchi, poloti ili m'dzina langa makalata a kwa amfumu ndili nawo ine, simenti ndimalipira ndekha kwa wogulitsa, mmisiri ndimamulipira pa Mpamba akamaliza gawo ndipo amandiyendetsa pa video call ndikuona khoma ndi nkhope yake pamodzi.

Njinga ija usagulitse mphwanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Upeze mnyamata wokhulupirika aziyendetsa azipereka kwa mayi tsiku ndi tsiku, chifukwa miyezi yoyamba iweyo sutumiza kanthu ndipo fizi ya asungwanawo sidikira. Ndipo zikakanika uli ndi pobwerera.


Mlongo_wa_ku_Leeds:

Achimwene ine za Joni sindikuzidziwa, ndili ku UK kuyambira 2022, koma poti mwafunsa tonse ndiyankheko. Ndinabwera ndili ndi zaka 26 pa viza ya ma care worker, nthawi imeneyo anali atangotsegula mu February chaka chomwecho nde aliyense amathamangira. Ndinalipira munthu wina ndalama zambiri kuti andipezere CoS, chikalata chija amapereka olemba ntchito kuti upemphere viza, bambo anga anagulitsa munda wa ku dimba kuti zikwane, ndipo ndinadzamva ndili kuno kale kuti chikalata chimenecho sichiyenera kugulitsidwa n'komwe. Kontrakiti imati maola 40 pa sabata, nditafika amandipatsa 12 nthawi zina 15, lendi ya chipinda chimodzi ikudikira, ndipo sungangochoka kukagwira kwina chifukwa viza yako inamangidwa pa kampani yomwe inakuitana. Layisensi yawo ikalandidwa umapatsidwa masiku 60 kuti upeze sponsor wina apo ayi uzipita. Kampani yanga zinachitikadi choncho, ndinapeza wina patatsala masabata awiri, masiku amenewo ndinkadzuka 3 koloko usiku kulemba maapulikeshoni pa foni manja akunjenjemera. Ndipo ndinene poyera kwa amene akuwerenga, kuyambira March 2024 ma care worker atsopano sabweretsanso mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo kuyambira July 2025 anatseka kulemba ma care worker kuchokera kunja. Nde munthu akakuuzani pa Facebook kuti ali ndi CoS ya care mutumize ndalama, ameneyo ndi wakuba.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwenikweni si cha mapepala. Ndi kusungulumwa. Ine ndinakulira ku Zomba m'nyumba ya anthu 9, sindinadyepo nsima ndekha mpaka nditafika kuno. December kumada 4 koloko isanakwane, umapita ku ntchito kuli mdima kubwera kuli mdima, aneba mumakumana pa masitepe amangomwetulira pang'ono basi, palibe wobwera kudzati odi, palibe wodzapempha mchere. Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo pa basi, kusambitsa agogo, kuwasintha, kuwapatsa mankhwala, mphindi 30 uthamangire kwina. Panali agogo ena aakazi oiwalaiwala, tsiku lililonse amandifunsa dzina ngati tikuonana koyamba, koma ndikamawapesa tsitsi amagwira dzanja langa osafuna kulisiya, ndipo ine ndimaganiza za agogo anga ku Zomba kuti akuwapesa ndani. Agogo angawo anamwalira 2023, maliro ndinaonera pa foni mchemwali wanga atagwira video call, netiweki ikudukaduka, nyimbo ndikuzimva theka, ndili mu yunifomu pa siteji ya basi. Nditafika m'chipinda ndinaphika nsima ya ufa wa Iwisa pakati pa usiku, ndinangodya mbamu ziwiri nkuyamba kulira. Zimenezi palibe amaika pa status.

Chinandithandiza ndi kusiya manyazi. Ndinafufuza aMalawi anzanga, ndinayamba kupita ku tchalitchi ngakhale ndatopa, tinapanga kagulu ka amayi timaphikirana kamodzi pa mwezi wina akabwera ndi usipa kapena chambiko kuchokera kumudzi timagawana ngati mankhwala. Nanunso mukapita musakadzitsekere m'mkhukhu, mukafufuze anthu akwanu tsiku loyamba lomwe, osadikira mavuto.

Kwinako ndi nkhani ya abale. Kumudzi amatenga malipiro ako nkuchulukitsa ndi reti ya kwacha nkuona ngati ndiwe bwana, sadziwa kuti lendi, msonkho wa khonsolo (council tax), basi ndi hita zatenga kale pafupifupi zonse. Chaka choyamba aliyense wondiimbira ndimatumiza, wa fetereza, wa chinkhoswe, wa foni yosweka, mpaka ndinalowa ngongole kuno kuti anthu asandinene kuti ndasintha. Ndinadwala nazo. Kenako ndinakhala pansi ndi amayi pa foni ndinawauza zoona zonse, ndalama yomwe ndimalandira ndi yomwe imatuluka, tinagwirizana ndalama imodzi pa mwezi yopita kwa iwo okha, wina aliyense azipita kwa iwo. Ena anakwiya mpaka pano sandiyankhula koma ndimagona tulo. Inu poti ndinu woyamba kubadwa zimenezi zikupezani, mukambirane ndi mayi musananyamuke.

Ndipo azichemwali anuwo muwayang'anire, akamaliza fomu 4 adzayamba kulandira mauthenga a ntchito za m'nyumba ku Oman ndi kwina, tikiti yaulere zonse zaulere. Atsikana ambiri akwathu anakavutika kumeneko, pasipoti kulandidwa pofika, osaloledwa kutuluka pa geti. Pasipoti yanu isamakhale m'manja mwa bwana kapena ejenti, kulikonse komwe mungapite.


Welder_Tembisa:

Ase ine ndiyankhula mosiyana pang'ono. Zomwe anena akuluwa ndi zoona zonse koma tisamuopseze mfanayu ngati kumudzi zili bho. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, inagwanso ndi 44% mu November 2023, anyamata anakwera ndege kupita kukalima ku Israel nkhondo ili mkati, mukuona ngati amafuna? Ine ndinabwera 2018 ndili ndi 24, lero kwathu ku Kasungu ndili ndi nyumba ziwiri za lendi ndi chigayo, mng'ono wanga ndamuphunzitsa mpaka dipuloma. Ndikanakhala kumudzi zimenezi sindikanaziona.

Kusiyana kwanga ndi anzanga ambiri ndi koti ine ndinabwera ndi luso m'manja. Ndinaphunzira kuwotcherera ku Mchesi chaka chathunthu ndisananyamuke, nde pomwe anzanga amaima pa msewu kudikira ganyu iliyonse ine ndimayenda ndi zithunzi za mageti ndi ma burglar bar omwe ndinapanga, ndipo kuno aliyense akufuna chitsulo pa windo. Munthu wa luso bwana amamusunga, wopanda luso amamusintha mawa. Nde aise usathamange, tenga miyezi 6 kapena chaka uphunzire kuika matailosi, mapaipi, kuwotcherera kapena magetsi, kaya kudzera ku TEVETA kaya kwa mmisiri wa pa Mchesi pomwepo, m'mawa kabaza masana kuphunzira. Joni sithawa.

China phunzira chiyankhulo msanga, kuno Chizulu, ku Cape Town Chixhosa, ngakhale moni ndi kuwerenga chenji mu taxi, zimakuchotsera maso a anthu. Ndipo mowa ndi zibwenzi za Lachisanu ndi zomwe zamaliza anyamata ambiri kuposa apolisi, munthu walandira sabata yonse pofika Lolemba akukongola ya buledi. Ine ndinganene kuti pita, koma upite ngati munthu wodziwa chomwe akukatenga.


Madala_a_ku_Ntcheu:

Mwana wanga, ine ndi wamkulu pano mwina kuposa nonse, foni iyi amandithandiza ndi mdzukulu koma mawuwa ndi anga. Nkhani ya Joni siinayambe lero. Bambo anga anagwira m'migodi nthawi ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, dzina lomwe mukutchulira depoti ya ku Blantyre lija linachokera kumeneko. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown ku Botswana, aMalawi oposa 70 anathera pomwepo, Kamuzu nkuletsa Wenela. Pambuyo pake anthu anayambanso kupita pa Theba, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, mpaka 1988. Koma a nthawi imeneyo amapita pa kontrakiti, nthawi ikakwana amabwera ndi njinga, wailesi ndi bulangeti. Ife a pambuyo pake tinapita patokha popanda wotiwerengera masiku, ndipo m'menemo ndi momwe muli ngozi.

Ine ndinapita 1996 ndili ndi zaka 24, ndinauza amayi kuti zaka ziwiri ndibwera. Ndinakhala zaka 14. Sikuti ndinawaiwala ayi. Chaka choyamba unali umphawi, ndinati ndipita ndikapeza kanthu. Chachitatu ndinali ndi kanthu pang'ono koma ndinati anzanga abwera ndi galimoto ine ndikaoneka bwanji ndi chikwama chimodzi. Kenako ndinapeza mkazi konko, mwana, makalata ndinasiya kuyankha chifukwa kalata iliyonse imafunsa kuti ubwera liti ndipo ndinalibe yankho. Kutchona kumayamba choncho, ndi manyazi, palibe amanyamuka kwawo atakonza zotchona. Malume ako aja mayi ako akuwanenawo mwina si munthu woipa, mwina ndi manyazi omwewa anamumanga. Bambo anga anamwalira 2003 uthenga unandipeza patatha miyezi iwiri.

Chinandidzutsa ndi May 2008. Zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra nkufalikira, anthu 62 anaphedwa. Ine ndinali mbali ya ku Germiston, usiku tinamva mluzu ndi nyimbo zikuyandikira, mayi wina woyandikana naye nyumba, mwini dziko yemweyo, anagogoda nati thawa pompano akubwera. Ndinatuluka ndi pasipoti m'sokosi ndi jekete basi, tinagona pa bwalo la polisi masabata, kuzizira kwa May, tikumva kuti zathu zonse atenga. Zaka 12 za thukuta zinatha usiku umodzi chifukwa zonse ndinasunga m'mkhukhu, kumudzi ndinalibe ngakhale nkhuku. Zinabweranso 2015 ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, ndipo zaka zapitazi mwamva za Dudula, gulu lothamangitsa alendo. Eni dziko ambiri ndi anthu abwino, amene anandipulumutsa ndi mmodzi wa iwo, koma kwa eni ndi kwa eni.

Nde ine ndikupempha zitatu. Unene chaka chobwerera pamaso pa mayi ako ndipo chikakwana ubwere ngakhale uli ndi chikwama chimodzi, ukhoza kupitanso. Ndalama ya basi yobwerera isungidwe payokha, isakhudzidwe ngakhale ugone ndi njala. Ndipo ukangofika ulowe gulu la maliro la anthu akwanu uzisonkha mwezi ndi mwezi, chifukwa kunyamula thupi kuchoka ku Joni kufika ku Malawi ndi ndalama yoti banja lako silingakwanitse, ndaona anyamata akuikidwa kumeneko popanda ndi m'bale mmodzi yemwe pa manda. Ine ndinabwera 2010, amayi ndinawapeza ali moyo koma maso atasiya kuona, anandizindikira ndi mawu, anandigwira kumaso nati wakalamba.


Kabaza_Chinsapo:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mungandilembere zambiri chonchi. Madala, zanuzi ndawawerengera mayi usiku wathawu, anangokhala chete nthawi yaitali kenako anati mwina achimwene alikodi moyo. Achemwali a ku Leeds pepani za agogo.

Wogula njinga uja ndamuuza kuti sindigulitsa. Ndalankhulanso ndi msuweni ndinamufunsa mosapsatira kuti ntchito akunenayo ndi ya kwa ndani ndipo ndikagona pati, wavomera kuti ntchito yokhazikika palibe, ndi maganyu, ndipo m'nyumbamo ali kale atatu. Sanakwiye, anati bola wafunsa. Pali mmisiri wa matailosi yemwe ndimamunyamula kawirikawiri kupita ku ma site a ku Area 49, ndamupempha wati ndiyambe Lolemba kumuthandiza masana. Maganizo opita sindinasiye, koma ndikufuna ndione kaye chaka chino.

Achimwene a ku Dunoon ndifunseko chimodzi, ngati ndingadzabwere, mwezi wabwino kufika ndi uti, ndipo pali njira yoti munthu ngati ine nkupeza pemiti yogwirira ntchito yeniyeni?


WaKuDunoon:

Wachita bwino mphwanga. Za pemiti ndikuuze zoona, kwa munthu wa gadeni kapena matailosi ndi yovuta kwambiri, viza ya ntchito umapempha uli ku Malawi konko ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, pamafunika bwana wokulemba, nde mabwana ambiri safuna zovutazo. Upite ukafunse wekha pa ofesipo, usapereke ndalama kwa munthu wa pa WhatsApp woti akukonzera, ma pemiti amenewo ndi omwe akumangitsa anthu pa Beitbridge.

Za mwezi, ku Cape Town usafike June kapena July ngati ine. September kupita October mvula imachepa, anthu amayamba kupenta ndi kukonza nyumba kukonzekera December, koma udziwe kuti pakati pa December ma site amatseka mpaka January nde ukhale utasungako. Matailosi ukawagwira bwino uzijambula ntchito iliyonse yomwe wamaliza, makona ndi mizere ioneke, ndipo ugule levulo ndi chodulira chako. Ukadzafika pa Park Station usadzapatse munthu chikwama kuti akunyamulire, ndipo nambala ya msuweni wako uilembe pa pepala osati mu foni mokha. Udzandiuze mmene Lolemba liyendere.